Mfuti ya Dinnah ndi Kiyi Wachiwiri

Dinnah Matewere ndi namwino. Ndi wamfupi, ali ndi zaka 52, ndipo salankhula akuyenda. Akafuna kukuuzani kanthu amayamba waima. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi chathu cha ku Aston, mu Birmingham kuno ku Mangalande, anandiimitsa pakhomo la holo n'kutulutsa fomu m'chikwama.

"Ankolo, ndikufuna mundikhalire mboni kupolisi. Ndikugula mfuti."

Ndinamufunsa amene wamulakwira. Sanaseke. Anati amawombera pepala, ndipo pepalalo limakhala pa mtunda wa mayadi 600.

Ine si malume ake enieni. Malume ake ali ku Ntcheu, kwa Ganya. Dinnah anabwera kuno mu 2004, nthawi imene anamwino ankatuluka kwathu ngati ngumbi, ndipo banja lake linalibe nkhoswe pafupi. Akumudzi anandipempha kuti ndiwaimirire. Ndaimirira zaka makumi awiri. Milandu yakhala yochepa, ndipo yambiri inkatha tiyi asanazizire.

Mwamuna wake ndi Willard, wa ku Thyolo, wamtali ngati mlongoti. Amasula zitsulo pa kampani ina yaing'ono ku Nechells, komwenso amakhala m'nyumba ya khansolo. Pali zinthu ziwiri zimene sasiyana nazo: tepi yoyezera, ndi mulu wa makiyi pa lamba. Pa mulu umenewo pali kiyi wa nyumba, wa galimoto, wa shedi, wa mita ya gasi, wa holo ya tchalitchi, ngakhale wa njinga ya mwana wawo Zoe, amene anachoka kale pakhomo ndipo ali ku yunivesite. Willard akamabwera mumayamba kumumva musanamuone.

Dinnah amakwera mabasi awiri kupita ku chipatala chachikulu cha ku Edgbaston. Ali mu wodi ya odwala mtima. Atangofika kumene, amene anamuphunzitsa kachitidwe ka kuno anali mai Beatrice, sisitala wa wodiyo, mzungu wobadwira mu Birmingham momwemuno. Nawonso ndi aafupi. Bambo awo ankagwira ntchito m'mashopu osula mfuti a pakati pa mzindawu, ndipo iwo anayamba kuwombera chandamale ali mtsikana. Atapuma pa ntchito anamuitana Dinnah ku kalabu yawo pa tsiku la alendo. Dinnah anapita chifukwa munthu wamkulu sakanidwa. Anawombera zipolopolo khumi. Mwezi wotsatira anabwererakonso osaitanidwa. Analembetsa, anakhala miyezi isanu ndi umodzi ya kuyesedwa monga mwa lamulo, n'kulandiridwa. Nthawi yonseyi ankawombera mfuti zobwereka. Tsopano ankafuna yake.

Ndinamuuza kuti sindichitira umboni chinthu chimene sindinachione. Loweruka lotsatira mai Beatrice anatitenga pa galimoto yawo.

Malowo ndi a asilikali, kunja kwa mzinda, cha ku Warwickshire. Kalabu imangobwereka. Ndi dambo lalitali lometedwa bwino, ndipo kumapeto kwake kuli chulu cha mchenga ndi mabolodi oyera okhala ndi manambala. Pakati pa bolodi lililonse pali bwalo lakuda. Kuchokera pamene tinaima, bwalolo linkaoneka ngati batani la malaya. M'mbali mwa dambo muli mbendera zosonyeza mphepo. Pansi pa mabolodi pali ngalande ya simenti yozama kuposa munthu, mmene mumakhala anthu otsitsa bolodi, kuona pamene chipolopolo chaboola, ndi kulikwezanso.

Anandipatsa zotseka m'makutu. Dinnah anayala mphasa ya pulasitiki, n'kugona chafufumimba kumbuyo kwa mfuti. Mfutiyo inali ndi timiyendo tiwiri kutsogolo ndi galasi loonera patali pamwamba. Anakhala phee nthawi yaitali, moti ndinaganiza kuti mfuti yakana. Kenako inalira. Bolodi linatsika, n'kukwera lili ndi kachizindikiro kofiira pang'ono kumanzere kwa pakati. Dinnah analemba m'kabuku.

Nditamufunsa ngati waphonya, anati funsolo ndi la munthu wa tsiku loyamba.

"Pakati kamodzi ngakhale inu mungamenye, ankolo, mwangozi. Mfuti yabwino ndi imene zipolopolo zisanu zimagwera malo amodzi. Zikagwera pamodzi, ngakhale kumbali, ndimangopotokola galasi n'kuzisunthira pakati. Zikamwazika palibe chopotokola."

Ndinapempha kabukuko. Kanali kolembedwa ngati zimene amalemba kumiyendo kwa bedi la wodwala. Tsiku, nthawi, mbali imene mphepo ikuchokera, kutentha kapena kuzizira, mtundu wa zipolopolo, maola amene anagona, kugunda kwa mtima wake asanagone pa mphasa. Anali atapeza kuti akamwa khofi zipolopolo zimatalikirana. Anasiya khofi wa Loweruka. Anali atapezanso kuti akachokera ku shifiti yaitali palibe mfuti yabwino, ndiye masiku amenewo anawadula mzere kuti asanamizire chitsulo.

M'kabukumo munali mfuti zitatu.

Yoyamba inali ya kalabu, ya zipolopolo zazing'ono zimene amazitcha .223. Simenya phewa. Koma pa mayadi 600 mphepo inkanyamula chipolopolocho ngati mankhusu. Anaisiya msanga.

Yachiwiri inali yatsopano, ya mnyamata wina wa m'kalabumo amene ankabwereketsa mosaumira. Yachitsulo yokhayokha, yakuda, ya zipolopolo za 6.5. Kalabu yonse inkaitama. Chipolopolo chake ndi chachitali ndi chowonda, chimang'amba mphepo, ndipo mfutiyo sikankha kwambiri. Tako lake, mbali yotsamira pa phewa, lili ndi masikuluwu oti mulitalikitse kapena kulifupikitsa. Aliyense ankamuuza Dinnah kuti agule yotereyi. Koma iye analemba zinthu ziwiri. Ngakhale atafupikitsa mpaka masikuluwu kutha, takolo linali lalitalibe kwa iye. Ndiponso chogwirira chinali chonenepa, moti chala chake chinkafika pa kachitsulo kowombera ndi nsonga yokha, n'kumakakokera chammbali.

Yachitatu inali ya mai Beatrice, ya .308. Yathabwa, ya zaka zoposa makumi atatu, yokalikakalika. Tako lake analidula ndi sowo kalekale kuti likwane mkazi wamfupi. Mpope wake ndi wonenepa ngati mpini wa khasu, ndipo anausintha zaka zitatu zapitazo. Mai Beatrice anandiuza kuti ndilowetse pepala pakati pa mpope ndi thabwa. Ndinalowetsa risiti ya ku shopu, ndipo inayenda mpaka kumapeto osakodwa. Anati mpope ukamawombera umanjenjemera, ndiye usakhudze chilichonse kuti uzinjenjemera mofanana nthawi zonse. Ndinali ndisanamvepo zotero. Ndinalowetsanso risitiyo kachiwiri.

Mfuti imeneyi imamenya phewa kuposa yachitsulo ija. Chipolopolo chake chimagwa msanga ndipo mphepo imachikankha kwambiri. Pa zolembedwa m'mabuku a ogulitsa, yatsopano ndi imene imapambana. M'kabuku ka Dinnah zinali zina. Ndi yachitsulo, zipolopolo zake zisanu zinkadzaza mbale yodyera. Ndi yathabwa zinkakwana pa sosa ya kapu. Akatsamira tsaya, diso linkangopezeka lili pa galasi, khosi osatambasula.

Mai Beatrice diso lawo lamanja linali litachita nkhungu. Laisensi yawo inkatha mu Marichi ndipo anati sapanganso ina. Dinnah akakhala ndi laisensi pofika nthawi imeneyo, mfutiyo ndi yake. Akapanda kukhala nayo, ipita kwa ogulitsa mfuti, ndipo kumeneko saifunsa kuti ikufuna yani.

Ndinavomera kukhala mboni. Fomu inapita mu Okutobala, italembedwa .308. Adokotala analemba kalata yawo. Apolisi anandiimbira foni ndipo ndinayankha zimene ndikudziwa.

Mpaka apa Willard anali wokondwa. Ankanyadira kuntchito kuti mkazi wake amamenya batani la malaya lili ku Aston iye ali ku Nechells. Lamulo limafuna kuti mfuti izikhala m'kabati yachitsulo yomangiriridwa ku khoma, ndipo ntchito imeneyi sakanaipereka kwa wina. Anasankha khoma la njerwa, anayeza, anaboola, anamanga mabawuti, n'kuikolekera thupi lake lonse kuti aone ngati igwedezeka. Sinagwedezeke. M'kati mwake munali kathumba ka makiyi awiri. Mmodzi anapatsa mkazi wake. Winayo anamulowetsa pa mulu wa pa lamba.

Dinnah anaima.

Anamuuza kuti lamulo silola. Munthu wopanda laisensi asakhale ndi kiyi wa kabati ya mfuti, ndipo asadziwe n'komwe kumene amasungidwa. Kaya ndi mwamuna, kaya ndi mai wako wokubala. Apolisi akadziwa, laisensi imalandidwa. Willard anandiimbira foni tsiku lomwelo.

Tinakhala pansi Lamlungu masana pa balaza pawo. Nkhoswe ya kuchimuna inali kumudzi ku maliro, ndiye ndinalipo ndekha. Kiyi uja anali adakali pa lamba.

Willard anayamba ndi kunena kuti mfuti sakuiopa. Chomuvuta ndi chitseko. Pa chilangizo cha ukwati wawo ku Thyolo anauzidwa kuti m'banja simukhala bokosi lokiyira mnzako. Zaka 26 wasunga zimenezo. Nambala yotsegulira foni yake mkazi amaidziwa. Tsopano m'nyumba mwake mukhale chitseko, chimene anachimanga ndi manja ake, chimene iye sangatsegule? Anati azibambo a ku tchalitchi adzafunsa, pakuti anayamba kale kunong'ona. Ndipo mai ake ku Thyolo akadzamva sadzafunsa za lamulo la ku Mangalande. Adzangoti mwana wawo anadyetsedwa khuzumule.

Dinnah anadikira kuti amalize. Kenako anati ku wodi kwawo kuli kabati ya mankhwala oopsa aja opha ululu, ndipo kiyi wake amakhala m'thumba mwa namwino wamkulu wa shifitiyo basi.

"Dokotala wamkulu akafuna mankhwala amenewo amapempha ine. Zaka zonsezi sanadandaulepo kuti ndamuvula ulemu."

"Dokotalayo sanakukwatireni, amai a Zoe."

Ndinaona kuti onse awiri akunena zoona. Mlandu wotero ife ankhoswe tili ndi kagamulidwe kake. Sitifuna kuti wina atuluke atapambana. Uyu atsike pang'ono, uyunso atsike pang'ono, akumane pakati. Ndi mmene timagawira munda wa masiye, mbuzi, ngakhale masiku okacheza kwa apongozi. Ndinali nditafunsiratu kwa mai Beatrice, ndipo anandiuza kuti anthu awiri onse okhala ndi laisensi angathe kulembetsa mfuti imodzi ndi kusunga m'kabati imodzi. Ndiye ndinagamula kuti Willard alowe nawo kalabu, atenge laisensi yake. Agule mfuti ya masikuluwu ija, yoti wamtali atalikitse, wamfupi afupikitse. Aliyense akhale ndi kiyi wake.

Willard anaomba m'manja. Dinnah anati zimenezo zitenga chaka, ndipo Marichi adzakhala atapita. Ndinamuuza kuti banja ndi lalitali kuposa Marichi.

"Chabwino, ankolo."

Anatero mmene amanenera mwana woleredwa bwino, n'kutseka kabuku kake. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ndagamula bwino.

Tsiku la alendo lotsatira linali mu Januwale. Kunkazizira moti udzu unkachita kuthyoka tikauponda. Ndinapita nawo chifukwa ndinkafuna kuona chigamulo changa chikuyenda. Willard anabwera ndi tepi yake, ngati kuti damboli linali lisanayezedwe.

Anayamba ndi yachitsulo. Mwini wake anamasula masikuluwu n'kuitalikitsa mpaka inamukwana. Willard anawombera kasanu ndipo kasanu konse anamenya bolodi, ngakhale kuti zipolopolo zake sizinkadziwana. Anadzuka akumwetulira, n'kunena kuti tsopano ayese ya gogo ija. Mai Beatrice anamuchenjeza kuti ndi yaifupi kwa iye ndipo asayandikize diso. Iye anadzipinda kumbuyo kwake ngati mpando wa mu holo. Mfuti italira, galasi linabwerera n'kumutema pamwamba pa diso. Magazi anayenderera mpaka pa kolala.

Dinnah anatsegula chikwama osafulumira, anapukuta, anafinya, n'kumata timapulasitala titatu.

"Bambo a Zoe, mfutiyi yakukanani."

"Yandiluma. Galu wa eni."

Kalabuyi ili ndi mwambo wakuti aliyense, ngakhale mlendo, azikakhalako mu ngalande muja kutumikira anzake. Willard ndi ine tinatumizidwa limodzi ndi bambo wina wachikulire wonyamula wayilesi yolankhulirana. Anatipatsa bolodi nambala 4, la Dinnah. Mai Beatrice analankhula pa wayilesi kuti tisamate maenje a pa bolodi mpaka zipolopolo zitakwana zisanu.

Mu ngalande simuona wowombera. Mumaona simenti, mitambo, ndi bolodi pamwamba panu. Chipolopolo chimafika chisanamveke kumene chachokera. Mumamva thwa ngati chikwapu pamwamba pa mutu, mchenga n'kufumbuka kumbuyo, ndiyeno pamapeto pake kulira kwa mfuti kuchokera kutali, ngati munthu wagwetsa thabwa mudzi wina. Ndinafunsa bambo uja ngati sizimagwera m'kati. Anati zaka makumi anayi chimene chinamugwerapo ndi mvula.

Zitakwana zisanu tinatsitsa bolodi. Palibe amene anamuuza Willard kuti ayeze. Anangotulutsa tepi n'kuika pa maenje awiri otalikirana kwambiri. Masentimita 31. Anati si zoipa kwa mtunda wotero. Tinamata, tinakweza.

Zisanu zina. Titatsitsa, Willard anayamba wafunafuna, chifukwa ankayang'ana malo aakulu. Maenje onse anali pamodzi, awiri okhudzana. Anaphimba ndi chikhatho chake ndipo onse anabisika. Anayeza. Masentimita 11. Anayezanso.

Anapempha bambo wa wayilesi kuti afunse chimene chasintha. Yankho linabwera lakuti mphepo ndi yomweyo, munthu ndi yemweyo, koma zoyamba zinali za yachitsulo, zachiwiri za yathabwa. Willard anati mwina ndi mwayi, abwerezenso. Anabwereza. Yachitsulo, 29. Yathabwa, 12.

Anakulunga tepi pang'onopang'ono. Anati kuntchito kwawo chitsulo chikaphonya ndi theka la milimita amachitaya m'bini, ndipo palibe amene amakhala pansi kuti akambirane nacho. Kenako anayang'ana kumene kunali bambo uja, anaona kuti Chichewa sakumva, n'kutembenukira kwa ine.

"Ankolo, munagamula molakwa."

"Ndinagamula mmene timagamulira."

"Mfuti ya anthu awiri ija ndi ya ine ndekha. Iwo mwawapatsa nsapato zanga kuti aikemo nyuzipepala."

Mkamwini salankhula choncho kwa nkhoswe ya kuchikazi. Koma maenje anali pamaso panga. Ndinavomera. Munda umagawika pakati chifukwa nthaka ya uku ndi ya uko ndi imodzi. Phewa la Dinnah ndi la Willard si limodzi. Ndinamufunsa kuti nanga za kiyi atani. Anakweza bolodi.

Pobwerera m'galimoto mai Beatrice ankadandaula za maenje a mu msewu. Titafika ku Nechells anandiitanira tiyi. Tili pa tebulo Willard anamasula mulu wa makiyi pa lamba. Analimbana ndi waya wake ndi chikhadabo kwa nthawi, pakuti kiyi akalowa pamenepo sanazolowere kutuluka. Atamutulutsa anamuika pafupi ndi kapu ya mkazi wake. Anati akupita ku shedi kukaona chinachake ndipo atenga mphindi makumi awiri. Anandiuza kuti ndimuperekeze. Ku shedi kunalibe choona, ankangopatsa mkazi wake mpata wobisa kiyi. Tinaima m'chisanu tikuyang'ana makina otchetchera udzu. Pobwerera anatsokomola pakhomo katatu asanatsegule.

Fomu ija inali idakali yolembedwa .308. Dinnah anati anatanganidwa ndi mashifiti, sanapeze mpata wokaisintha monga ndinagamulira. Sindinafunse zambiri.

Wapolisi woona za mfuti anabwera Lachiwiri lina m'mawa mu Febuluwale. Anali mai wosavala yunifolomu, wonyamula faelo. Willard anandiitana kuti ndikhalepo, chifukwa kwa ife apolisi akamabwera pakhomo pamafunika wamkulu. Anavala jekete. Chilonda cha pa diso chinali chitapola, koma maiyo anachiona ndipo anafunsa. Atamva kuti ndi galasi la mfuti anaseka, n'kunena kuti aonapo zambiri zotero.

Anagwedeza kabati. Anawerenga kabuku ka Dinnah nthawi yaitali kuposa mmene ntchito yake inkafunira, ndipo anafunsa za khofi. Kenako anati akufuna kulankhula ndi mwamuna payekha. Dinnah ndi ine tinapita ku khitchini. Makoma a nyumba za khansolo sasunga chinsinsi, ndiye tinamva zonse.

Anamufunsa ngati m'nyumbamo mumakhala ndewu, ngati pali amene amamwa, ngati iye mtima wake uli m'malo kuti mukhale mfuti. Willard anayankha bwino, m'Chingerezi chake cha kuntchito. Tinamva faelo ikutsekedwa. Ndiyeno maiyo, ngati munthu amene akungocheza potsanzika, anafunsa kuti mkazi wake atataya kiyi, winayo amakhala pati.

Tinamva makiyi a pa lamba akulira, monga amachitira akawagwira ndi dzanja. Dinnah anali ataimirira pafupi ndi sinki, atagwira kapu yopanda kanthu. Mwamuna wa kwathu kunena kwa mlendo, m'nyumba mwake, kuti pali chimene sakuchidziwa, si nkhani yaing'ono. Ambiri amapeka yankho kuti asaoneke opanda mphamvu, ndipo yankho lopeka likanatha kugwetsa zonse.

Willard anati sakudziwa. Maiyo anafunsa ngati sangayerekeze n'komwe.

"Nyumba ino msomali uliwonse ndimaudziwa," anatero Willard. "Koma chimenecho sindikuchidziwa, ndipo sindinafunse."

Dinnah anatsuka kapu ija ngakhale inali yoyera.

Laisensi inafika sabata yoyamba ya Marichi. Mai Beatrice anabweretsa mfutiyo okha, m'chikwama chake chakale cha nsalu, pamodzi ndi kabuku kolembamo chipolopolo chilichonse chimene chinadutsa mu mpope umenewo. Analemba zofunika pa laisensi ya Dinnah, anamukumbutsa kuti potsuka aziyambira kumbuyo osati kukamwa, n'kupempha tiyi. Poikiya m'kabati, Willard ndi ine tinapitanso kukaona makina otchetchera udzu.

Azibambo a ku tchalitchi anafunsadi. Willard amawayankha ndi manambala. Amayamba ndi masentimita 11 pa mayadi 600, n'kufotokoza za mpope wosakhudza thabwa, mpaka wofunsayo amakumbukira kuti basi yake yatsala pang'ono. Mai ake ku Thyolo sanauzidwe. Zoe atamva nkhani yonse pa foni anayankha m'Chingerezi kuti makolo ake ndi odabwitsa, ndipo anapempha kiyi wa njinga yake. Sanapatsidwe.

Dinnah sanapambanepo chikho. Pa mpikisano wake woyamba anakhala wachisanu ndi chinayi mwa anthu 23, ndipo anati mphepo anaiwerenga mochedwa, mfuti inalibe mlandu. Akufuna kukayesa mayadi 1,000 chaka chamawa. Ena akuti pa mtunda umenewo .308 imafika itatopa. Iye akuti aona m'kabuku. Willard kalabu sanalowe. Amapita masiku a alendo okha, ndipo salola kugona pa mphasa. Amangolunjika ku ngalande ndi tepi yake.

Mwezi watha ndinamupeza Willard akukonza paipi ya m'bafa mwanga, ndipo ndinamufunsa chimene ndinkafuna kudziwa kuyambira kale, ngati sanayesepo kufufuza kumene kiyi uja amabisidwa. Anati vuto lake si kufufuza. Vuto ndi lakuti iye ndi amene amakonza zonse m'nyumbamo, ndipo tsiku lina angathe kumupeza osafuna. Akamupeza sangadzanamize wapolisi, ndipo mfuti ipita. Ndiye tsopano akafuna kukwera kudenga, kuzula thabwa la pansi, kapena kusuntha firiji, amawauza amai a Zoe tsiku limodzi zisanachitike, kuti ngati kiyi ali pamenepo amusunthe. Sabata imeneyo bafa lawo linkadontha. Anali atanena Lachitatu, ndipo ankadikira Lachinayi.